Dongo Si Usipa

Hana anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Lungwena, pafupi ndi nyanja. Hana ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukhalabe mu Gulu la Loweruka.

Gulu la Loweruka linali gulu la ana. Linkakumana kusukulu, pansi pa mtengo wa mango. Wotsogolera gululi anali aphunzitsi a Gilford. Kwawo kunali kutali, ku Dowa. Nyanja ankaiopa, koma ana ankawakonda.

Kugululi ana ankaimba. Ankavina beni. Ankachita masewero. Ankajambula ndi makala pamatumba a simenti. Ankaumbanso zinthu ndi dongo.

Hana ankayesa zonse. Akamaimba, mawu ake ankamveka ngati a udzudzu. Akamavina, ng'oma inkapita uku, miyendo yake inkapita uko. Pasewero ankaiwala zonena. Kunena zoona, Hana sankatha kuimba ndipo sankatha kuvina.

Koma akagwira dongo, Hana ankasintha. Manyazi ankatha. Manja ake ankadziwa okha chochita. Ankaumba nkhuku. Ankaumba mvuu. Ankaumba mbuzi ya ndevu. Akatha, ankaphwanya n'kubwezera dongo m'ndowa. Loweruka linali tsiku lake lokoma.

Bambo ake a Hana anali a Tomasi. A Tomasi anali msodzi wa usipa. Ankachezera panyanja n'kubwera m'mawa. Amayi ake ankayanika usipawo pathandala. Thandalalo linali lalitali, la bango. Ntchito ya Hana inali kutembenuza usipa. Ankaingitsanso nkhuku ndi akhwangwala.

Vuto linali limodzi. Usipa sudziwa Loweruka. Loweruka lomwe umafuna kuyanikidwa. Loweruka lomwe umafuna kutembenuzidwa. Hana akapita kugulu, amayi ankatsala okha pathandala.

Lachisanu lina a Tomasi anamuitana Hana. Sanali okwiya. Anali otopa basi.

"Iwe Hana," anatero, "Loweruka lililonse umapita kusukulu. Umabwerako ndi chiyani?"

Hana anayang'ana pansi.

"Ine ndimaona matope okhaokha," anatero a Tomasi. "Amayi ako akutopa pathandala."

Hana anawauza za chionetsero. Sabata ya Achinyamata inali pafupi. Tsiku lomaliza la sabatayo, gulu lidzaonetsa ntchito zake kwa makolo. A Tomasi anakanda kumutu.

"Chabwino, ndidzabwera," anatero. "Ndikadzaona chinthu chogwirika, udzapitiriza. Ndikadzaona matope, udzabwerera pathandala."

Hana anavomera. Koma anachita mantha. Kunali kutatsala masabata awiri okha.

M'mawa mwake linali Loweruka. Ana anasonkhana pansi pa mango. A Gilford anafunsa aliyense chimene adzaonetse. Ena anati adzaimba. Ena anati adzachita sewero. Ajira, mnzake wa Hana, anati adzavina beni. Ajira anali katswiri, ndipo ankadzidziwa.

"Nanga iwe Hana?" anafunsa a Gilford.

"Ndiumba bwato la ababa," anayankha Hana chapansipansi.

Hana anatapa dongo m'ndowa. Anakhala yekha kumbali. Anaumba bwato. Anaumba munthu wokhala pabwatopo. Anaumba nkhafi. Ng'oma inkalira, koma Hana sankaimva.

A Gilford analiyang'ana bwatolo mbali zonse. Anati ndi lokongola. Anamuuza Hana kuti akaliumitse kunyumba. Likauma, adzaliotcha pamoto kuti lilimbe. Koma sanamuuze kaumitsidwe kake. Iwonso sankadziwa. Za kuumba ankangoziwerenga m'buku.

Hana ananyamula bwatolo palichero. Anayenda pang'onopang'ono. Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo.

Ku Lungwena mwana aliyense amadziwa kuumitsa zinthu. Usipa umafuna dzuwa. Ukonde umafuna dzuwa. Zovala zimafuna dzuwa. Ndiye Hana akanafunsiranji? Anapita pathandala. Anakankhira usipa kumbali. Anaika bwato lake pakati penipeni.

A Tomasi anali m'tulo m'nyumba. Amayi ndiwo analiona bwatolo. Anamwetulira. Anati dzuwa lero ndi labwino, liuma msanga.

"Uzilitembenuza," anatero amayi. "Liume mbali zonse."

Hana anatembenuza usipa. Anatembenuzanso bwato. Dzuwa linaswa mtengo. Bwato linayamba kuyera. Hana anakondwa kwambiri. Anaganiza kuti pofika madzulo ntchito itha.

Kenaka anaona kamzere kakang'ono. Kanali ngati tsitsi. Kamzereko kanakula. Kanabala kena. Kenako nako kanabala kena. Hana anapaka mate, koma sizinathandize.

Posakhalitsa bwato linang'aluka pakati. Nkhafi inathyoka. Mkono wa munthu uja unagwa. Mutu wake unagubuduka mpaka pansi. Nkhuku inathamangira. Inaujompha kamodzi n'kuusiya.

Hana analira. Anatolera zidutswa n'kuziika palichero. A Tomasi anadzuka n'kutuluka panja. Anaona zidutswazo. Sanakalipe. Sanaseke. Anangoti atsala masabata awiri, n'kupita kukasoka ukonde. Hana anamva chisoni kwambiri.

Lamulungu, atabwerako kutchalitchi, Hana anakhala kuseri kwa nyumba. Ajira anabwera kudzamutenga kuti akasewere. Hana anamuonetsa lichero la zidutswa.

"Unaliyanika pati?" anafunsa Ajira.

"Pathandala," anayankha Hana.

Ajira anagwira pakamwa. Kenaka anamukoka dzanja. "Kwende, tiye kwa amayi anga," anatero.

Amayi ake a Ajira anali Abiti Jaffalie. Ankaumba miphika ndi mitsuko. Anali mayi wa dzitho, wa mawu aakulu. Ana anawapeza atakhala pakhonde, pamthunzi. Manja awo anali dongo lokhalokha.

Ajira anafotokoza zonse. Abiti Jaffalie anayang'ana zidutswa. Anayang'ana Hana. Kenaka anaseka. Anaseka mpaka misozi. Anaipukuta ndi chigongono, poti manja anali ndi dongo.

"Che Hana," anatero, "bwanji sunalithire ndi mchere womwe?"

Hana anafuna kukwiya. Koma nayenso anaseka pang'ono.

Abiti Jaffalie anamuuza kuti akhale pamphasa. Anati safunsa anadya phula. Kenaka analankhula mofatsa.

"Tamvera, mwanache, mwana iwe. Dongo si usipa. Usipa umafuna dzuwa. Dongo limafuna mthunzi."

Anafotokoza chifukwa chake. Dzuwa limaumitsa kunja msanga. M'kati mumakhala mukadali madzi. Kunja kumakoka, m'kati mumakana. Mapeto ake dongo limang'aluka.

"Usipa umafuna dzuwa. Dongo limafuna mthunzi," anabwereza Hana.

Hana anadzuka kuti akataye zidutswa. Abiti Jaffalie anamuletsa. Anati dongo losaotcha silifa. Ukalithira madzi limabwerera. Hana anaphwanya zidutswazo. Anazithira madzi. Zinafewa.

Kenaka Abiti Jaffalie anamupatsa phale la mphika wakale. Anamuuza kuti alisinje pamwala. Hana anasinja. Anasinja. Anasinja mpaka phale linasanduka ufa. Ufawo anausakaniza ndi dongo. Abiti Jaffalie anati phale limapatsa dongo mphamvu. Dongo la phale siliopa moto.

Hana anakanya dongo. Ajira anamuthandiza. Anakanya mpaka mikono inawawa.

"Tsopano mundiumbire," anapempha Hana.

Abiti Jaffalie anakana. Anati iwo amadziwa miphika. Bwato amene akulidziwa ndi mwana wa msodzi. Anangomulangiza zinthu ziwiri. Bwato lisakhale lochindikala kwambiri. Nkhafi asaiumbe ndi dongo, adzaiseme ndi kamtengo.

Hana anatseka maso. Anaona bwato la bambo ake. Analiona lonse, kumutu mpaka kumchira. Anatsegula maso n'kuyamba kuumba. Anaumba bwato. Anaumba munthu atakhala pamwamba, miyendo ili m'kati. Umo ndi mmene asodzi amakhalira. Bwato lachiwirili linaposa loyamba.

Abiti Jaffalie analifunditsa masamba a nthochi. Anati Hana akaliike pakona m'nyumba. Akalivundikire ndi dengu. Pakatha masiku atatu achotse masamba. Anamubwerekanso nkhulungo, kamwala kosalala kokulungizira.

"Liuma mawa?" anafunsa Hana.

"Masiku khumi," anayankha Abiti Jaffalie.

Hana anadzidzimuka. Usipa umauma masiku awiri okha. Anawerenga ndi zala. Masiku khumi ankathera Lachitatu la Sabata ya Achinyamata. Abiti Jaffalie anati adzaotcha Lachinayi, pamodzi ndi miphika yawo. Lachisanu ndi tsiku la mapemphero, sagwira ntchito.

"Nanga ndidzadziwa bwanji kuti lauma?" anafunsanso Hana.

"Uziliika patsaya," anatero Abiti Jaffalie. "Likamazizira, ndiye kuti likadali ndi madzi."

Hana anaika bwato pakona. Analivundikira ndi dengu.

Lolemba anavundukula. Analiika patsaya. Linali lozizira. Anavundikiranso.

Lachiwiri anavundukula. Analiika patsaya. Linali lozizira. Anavundikiranso.

Lachitatu anachotsa masamba. Anatenga nkhulungo. Anakulungiza bwato mpaka linawala. Analiika patsaya. Linali lozizirabe.

Amayi ankadandaula. Ankati dzuwa likungotayika panja. Ankati alitulutse kwa kanthawi kochepa chabe.

"Iyayi amayi," anatero Hana. "Dongo si usipa. Usipa umafuna dzuwa. Dongo limafuna mthunzi."

Amayi anaseka. Anati mwana wawo wasanduka mphunzitsi.

A Tomasi nawo analiona dengu. Anafunsa kuti muli chiyani. Hana anati muli ntchito yake. Anawapempha kuti asavundukule. A Tomasi anati chinthu chobisala m'dengu sachikhulupirira. Komabe sanavundukule.

Loweruka linafika. Hana anapita kugulu chimanjamanja. A Gilford anafunsa za bwato. Hana anafotokoza zonse. Pamenepo ana ena anayi anayang'anizana. Iwonso anali ataumba zinthu. Onse anaziyanika pathandala. Zonse zinang'aluka.

A Gilford anagwira mutu. Anati cholakwa ndi chawo. Anati buku lawo silinanene za thandala. Ana anaseka. Kenaka a Gilford anatulutsa kope ndi pensulo. Anamuuza Hana kuti abwereze bwinobwino. Hana anabwereza, iwo n'kumalemba. Tsiku limenelo mawu a Hana anamveka mpaka kumbuyo.

Lolemba Sabata ya Achinyamata inayamba. M'kalasi munalibe maphunziro. Ana analambula msewu. Anakwirira maenje. Anasesa pamsika. Ankagwira ntchito akuimba. Hana ankagwira nawo, koma mtima wake unali m'dengu.

Lachiwiri masana anathamangira kunyumba. Anaika bwato patsaya. M'mbali munali mutauma. Koma pansi panali pozizirabe. Hana anada nkhawa. Kunali kutatsala masiku awiri okha kuti aotche.

Panja dzuwa linkawala bwino. M'nyumba munalibe munthu. Hana ananyamula bwato. Anayenda mpaka pakhomo. Thandala linali apo, pafupi. Mumtima anati ola limodzi lokha silingalakwe.

Anaima pakhomopo nthawi yaitali. Phazi limodzi linali panja. Phazi lina linali m'nyumba. Kenaka anakumbukira mutu uja ukugubuduka. Anabwerera pakona. Anavundikira dengu. Akulu sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumawawa.

Lachitatu anavundukula. Analiika patsaya. Analitembenuza n'kuliikanso. Silinali lozizira. Bwato linali litauma. Linalibe mng'alu ngakhale umodzi.

Lachinayi masana Hana anapita kwa Abiti Jaffalie. Kuseri kwa nyumba kunali kadzenje. Abiti Jaffalie anayala nkhuni. Anasanja miphika chozondotsa. Bwato analiika pakati pa miphika iwiri. Anaunjika makungwa. Pamwamba anaika udzu wouma.

Asanayatse, anamuyang'ana Hana. Anati moto sulonjeza munthu. Nthawi zina chinthu chimaphulika, ngakhale chouma bwino. Hana anagwedeza mutu. Anati wamva.

Moto unayaka. Utsi unakwera. Hana ndi Ajira anaima patali. Kunkatentha kumaso. Mwadzidzidzi m'motomo munamveka phu!

Hana anagwira dzanja la Ajira. Analigwira mwamphamvu. Anafuna kuthamangira pamoto, koma Abiti Jaffalie anamuletsa. Anati adikire mpaka moto uzime.

Anadikira. Moto unachepa. Anadikira. Makala anasanduka phulusa. Anadikirabe.

Kenaka Abiti Jaffalie anatenga ndodo yaitali. Anavuula mphika woyamba. Unali wabwino. Anavuula wachiwiri. Unali wabwino. Anavuula wachitatu. Unali utaphulika. Anafukulanso phulusa pang'onopang'ono. Mutu wa munthu unatulukira. Kenaka mapewa. Kenaka bwato lonse.

Bwato linali lathunthu. Linali lofiira, mbali ina yakuda pang'ono. Litazizira, Abiti Jaffalie analigogoda ndi chala. Linalira ngati kabelu.

"Alihamdulilahi," anatero Abiti Jaffalie. "Lapsa."

Hana anawapepesa chifukwa cha mphika wophulika. Iwo anati asadandaule. Anati mapale ake adzasinja, adzalimbitsa miphika ina. Hana anagwada n'kuthokoza. Ajira anavina beni popanda ng'oma.

Lachisanu Hana anasema nkhafi ndi kamtengo. Anaiika m'manja mwa munthu wa dongo. Anabisanso bwato m'dengu.

Loweruka linafika. Kusukulu kunadzaza anthu. Mbendera inakwera. Onse anaimba nyimbo ya fuko. Wapampando wa chipani analankhula. Analankhula mpaka mthunzi wa mango unasuntha. Anthu anaomba m'manja, ena chifukwa choti watha.

Kenaka ana anaimba. Ena anachita sewero. Ajira anavina beni, amayi n'kumalulutira. Hana anaima pafupi ndi desiki. Padesikipo panali nsalu yoyera. Pansalupo panali bwato.

Amayi ake anali atafika kale. Abiti Jaffalie analiponso. Koma a Tomasi kunalibe. Hana ankayang'ana kumsewu. Ankayang'ana bwato. Ankayang'ananso kumsewu.

Zovina zitatha, anthu anabwera kudzaona zojambula. Anafika padesiki ya Hana. Anaunjikana. Msodzi wina anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anati awa ndi a Tomasi. Anati taonani chipewa chawo chopindika. Anthu anaseka mokondwa.

Pomwepo a Tomasi anatulukira. Maso awo anali ofiira ndi tulo. Buluku linali lonyowa m'miyendo. Anthu anawapatsa njira.

A Tomasi ananyamula bwato ndi manja awiri. Analiyang'ana kumutu. Analiyang'ana kumchira. Analigogoda ndi chala. Linalira. Kenaka chala chawo chinaima m'mbali mwa bwato. Pamenepo Hana anali ataumba kachigamba. Kanali ndi timisomali tisanu.

"Wakuumbira ndani?" anafunsa a Tomasi.

"Ndaumba ndekha, ababa. Abiti Jaffalie anandiphunzitsa kusamala dongo."

"Nanga chigamba cha bwato langa unachiona liti?"

"Ndimachiona m'mawa uliwonse, mukamakocheza," anayankha Hana.

A Tomasi anayang'anitsitsa chigambacho. Anawerenga timisomali tija. Hana anadikira.

"Nkhafi yafupika," anatero a Tomasi.

Hana sanadziwe ngati avomera kapena akana. Anaopa kufunsa.

Popita kunyumba, a Tomasi ananyamula okha bwatolo. Ankayenda pang'onopang'ono. Atafika, analiika pashelefu, pafupi ndi wailesi. Lamulungu masana anakhala pakhonde ndi mpeni. Anasema kankhafi katsopano, katalitali. Anakaika m'manja mwa munthu wa dongo. Koma za gulu sananene kanthu.

Lolemba sananene kanthu. Lachitatu sananene kanthu. Lachisanu sananenebe kanthu. Hana anafunsa amayi. Amayi anati akafunse mwini wake. Hana anachita manyazi.

Loweruka m'mawa usipa unabwera wambiri. Thandala linadzaza. Hana anamva ng'oma ikulira kusukulu. Anayang'ana amayi ake. Anayang'ana usipa. Anaganiza kuti mwina bwato silinakwane. Anameza misozi. Anayamba kutembenuza usipa.

A Tomasi sanapite kukagona. Anabwera pathandala. Anaima pafupi ndi Hana.

"Ukutani pano?" anafunsa.

"Ndikutembenuza usipa, ababa."

"Kodi lero si Loweruka?"

Hana anawayang'ana. A Tomasi anali akupinda manja a malaya.

"Pita, uchedwa," anatero. "Usipa wa Loweruka ndizitembenuza ine. Tulo ndigona masana."

Amayi anaseka. Anawafunsa ngati ntchito ya pathandala akuidziwa. A Tomasi anati aphunzira, poti nawonso ali ndi manja.

Hana anasamba m'manja msangamsanga. Anatenga lichero lake. Asanatuluke, bambo ake anamuitananso.

"Iwe Hana. Ine wandiumba. Lero ukaumbe amayi ako."

"Ndi thandala lomwe?" anafunsa Hana.

"Ndi thandala lomwe," anatero a Tomasi.

Hana anathamanga. Ali pamsewu anacheuka. Bambo ake anali atawerama pathandala. Ankatembenuza usipa umodziumodzi. Amayi anawagwira dzanja n'kuwaonetsa kachitidwe kake. Onse awiri ankaseka.

Hana anakondwa kwambiri. Anafika pansi pa mango ali wefuwefu. Anakhala pansi n'kutapa dongo lodzaza manja awiri.